Tsankho m'mabuku a nthawi ya atsamunda: tingaligwire bwanji ndi umboni?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa pa sekondale ndipo ndikupitiriza maphunziro anga. Atipatsa chimangirizo chofotokoza momwe mabuku a nkhani zopeka a nthawi ya atsamunda ankaonetsera anthu a mu Africa. Ndikamawerenga ndimamva kuti china chake chikununkha, koma ndikati ndilembe ndimangothera pa mawu akuti wolembayu anali watsankho. Mnzanga akuti ndikuwalakwira olembawo poti anali anthu a nthawi yawo, komanso kuti Conrad ankadzudzula atsamunda. Tsankholi ndingalionetse bwanji?"

Yankho:

Aphunzitsi, chimangirizo chanu chikukanika chifukwa tsankholo mukulisaka pamalo pomwe silikhalitsa. Ambiri akatsegula buku lotere amathamangira mawu otukwana. Mawuwo alipo ndithu, koma ndiwo umboni wofooka kuposa wonse, chifukwa wotsutsana nanu angokuyankhani kuti walankhulayo ndi mtengambali, osati wolemba, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsankho lokhazikika limakhala m'kamangidwe ka nkhani: ndani ali ndi dzina, ndani akulankhula ndipo akulankhula bwanji, ndani amene tikumva maganizo a mumtima mwake, ndani akufa kuti ulendo wa mnzake upitirire. Zonsezi mutha kuziwerenga ndi pensulo m'manja, ndipo chinthu chomwe mwachiwerenga mnzanuyo sangachikane ndi pakamwa pokha.

Sankhani masamba 20 mpaka 30 pomwe azungu ndi anthu akuda akupezeka limodzi. Musalimbane ndi buku lonse, mudzatopa musanapeze kanthu. Pa pepala lalikulu jambulani mizere kuti pakhale magawo 6. M'gawo loyamba muzilemba tsamba. M'lachiwiri muzilemba momwe munthuyo watchulidwira, kaya ndi dzina lake, ntchito yake, mtundu wake, khamu, kapena chiwalo cha thupi chabe monga maso, mano ndi miyendo. M'lachitatu muzilemba za mawu ake: kodi ali m'mitengero monga adawalankhulira, kodi wina wangotiuza zomwe adanena, kapena langomveka phokoso? M'lachinayi muzikopera aneni omwe munthuyo ndiye mwininkhani wake. M'lachisanu muzilemba chinthu chomwe amuyerekeza nacho, ndipo m'lomaliza muzilemba mathero ake m'nkhaniyo. Chofunika kwambiri, chomwenso ophunzira ambiri amachiiwala, n'chakuti azungu nawonso muwalembe pa pepala lomwelo. Mndandanda wa anthu akuda okha suonetsa kanthu. Umboni umabadwa mukaika mbali ziwirizo pafupi.

Tiyese pa Heart of Darkness, nkhani yomwe Joseph Conrad adaitulutsa m'zigawo m'magazini ya Blackwood's mu 1899, n'kudzalowa m'buku mu 1902. Conrad adafikadi ku Congo mu 1890 kukagwira ntchito pa sitima ya pamtsinje, pa nthawi yomwe dzikolo linali chuma cha Mfumu Leopold II ya ku Belgium payekha. M'gawo la mayina mupeza kuti palibe Mkongo ndi mmodzi yemwe amene ali ndi dzina. Koma musafulumire kuomba m'manja, chifukwa azungu ambiri m'bukumo alibenso mayina. Pali manijala, wowerengera ndalama, woumba njerwa. Wodalira mayina okha amagwa pomwepa. Kusiyana kuli m'gawo la mawu. Manijala ndi woumba njerwa amalankhula ndime zathunthu, mpaka timadziwa nsanje yawo, mabodza awo ndi maudindo omwe akuwalakalaka. Anthu akuda amakuwa, amabuula, amaimba, koma mawu awo omveka amatuluka pawiri pokha: pamene mkulu wa antchito a m'sitima akupempha kuti awagwirire anthu a kumtunda kuti awadye, ndi pamene mnyamata wa manijala akusuzumira pakhomo kudzanena kuti Kurtz, mzungu wosonkhanitsa minyanga ya njovu yemwe sitimayo idapita kukamutenga, wafa. Ponse pawiri ndi Chingerezi chothyokathyoka. Ndiye kuti pakamwa pa munthu wakuda pamatseguka kuti atsimikize yekha kuti amadya anzake, kapena kuti apereke uthenga wa mzungu.

Onaninso akazi awiri a m'moyo wa Kurtz. Wa ku Congo uja timamuona akuyenda m'mbali mwa mtsinje, atavala mikanda ndi zibangili, ndipo wofotokoza nkhani amafika poyerekeza kuti zovala zakezo zingagulidwe ndi minyanga ya njovu ingapo. Timauzidwa kuti tsiku lina adalalatira Kurtz kwa ola lathunthu, koma liwu lake limodzi sitilimva. Bwenzi la Kurtz la ku Ulaya limapatsidwa masamba omaliza onse kuti lilire ndi kufunsa mafunso. M'gawo la zoyerekeza muli wosonkhezera moto wa sitima, munthu amene waphunzira kuyang'anira boyila, ntchito yofuna luso. Marlow, woyendetsa sitimayo amenenso ndiye wofotokoza nkhaniyi, akuti kumuona kunali ngati kuona galu wovala buluku ndi chipewa cha nthenga akuyenda ndi miyendo iwiri. Chiganizo chimenecho chilembeni bwino, chifukwa chikuseka luso lenilenilo. Munthu wakuda wodziwa makina akuoneka ngati chinthu chosokonekera, chomwe malo ake oyenera ndi kumtunda kuja kovina.

Olemba a nthawi imeneyi anali ndi zikombole zochepa, ndipo njerwa iliyonse inkatuluka monga inzake ngakhale dothi likhale la ku Congo, la ku Natal kapena la ku Nigeria. Zikombolezi zonse mungazipeze m'buku limodzi, King Solomon's Mines la H. Rider Haggard, la 1885, chaka chomwe msonkhano wa ku Berlin wogawana Africa udatha. Haggard adakhalapo ku Natal ndi ku Transvaal ndipo anali m'gulu la Theophilus Shepstone lomwe lidalanda Transvaal mu 1877. Bukuli ndi lonyenga chifukwa limayamba mwaulemu. Wofotokoza nkhaniyo, Allan Quatermain, amakana kugwiritsa ntchito liwu lotukwanira anthu akuda, n'kunenanso kuti amadziwa anthu akuda ena aulemu wawo kuposa azungu ena. Wowerenga wosachenjera amatseka nkhani pomwepo.

Pitirizani kudzaza pepala lanu. Muli wantchito wokhulupirika amene ntchito yake ndi kufa: Khiva amang'ambidwa ndi njovu populumutsa Captain Good, mmodzi mwa azungu atatu a paulendowo, Ventvögel amafa ndi chisanu m'phanga, ndipo ulendo umangopitirira. Muli mfumu yankhanza, Twala, ndi mfiti yokalamba, Gagool, yomwe amaiyerekeza ndi nyani. Muli khamu lokhulupirira zilizonse, lomwe limaona mano oikirira a Good ndi galasi lake la diso limodzi n'kuvomera kuti alendowa achokera ku nyenyezi, kenaka n'kunjenjemera ndi kadamsana yemwe azunguwo adangomuwerenga m'kabuku ka masiku. Ndiye muli munthu wakuda wolemekezeka, Umbopa, amene pambuyo pake amadziwika kuti ndi Ignosi, mwini ufumu weniweni. Apa yang'anitsitsani momwe akumuyamikirira. Pomufotokoza koyamba akuti ndi woyererapo kuposa Azulu ambiri, ndipo ufumu wake amaupeza mothandizidwa ndi mfuti ndi mkono wa azungu atatu. Chiyamikiro chotere chimakweza munthu mmodzi pomusendeza kufupi ndi mzungu, anzake onse n'kuwasiya pansi. Ndicho chifukwa chake kupeza mtengambali wakuda wabwino si umboni wakuti bukulo lilibe tsankho. Funsani kuti ubwino wakewo akuuyeza ndi muyeso wa ndani.

Gawo la mathero limalankhula mokweza pa Foulata, mtsikana amene amakonda Good. Amabayidwa ndi Gagool, ndipo akufa amanena yekha kuti dzuwa silingakwatirane ndi mdima. Quatermain pambuyo pake amati imfa yakeyo idachitika bwino chifukwa pakadabuka zovuta. Wolemba ndiye amasankha woti afe, choncho apa simukufunikanso kukangana ngati ndi mtengambali kapena wolemba amene walankhula. Nkhani yeniyeniyo yachotsa banja lomwe silikadaloledwa. Komabe chitani chilungamo: kumapeto Ignosi amatseka dziko lake, n'kunena kuti sadzalola amalonda a mfuti ndi mowa kapena alaliki achizungu. Chimenechi chitchuleni m'chimangirizo chanu. Mukachibisa, woyesa mayeso amene adawerenga bukulo adzakayika zina zonse zomwe mwalemba.

M'buku lomweli muli msewu waukulu ndi ziboliboli zomwe akuti adazipanga anthu akale ochokera kutali, osati makolo a anthu okhala pamenepo. Limeneli silinali bodza la m'nthano mokha. Karl Mauch atafika pa mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871 adawalumikiza ndi Mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adakumba pamalopo n'kutsimikiza kuti adamanga ndi anthu a mu Africa, koma boma la azungu la Rhodesia lidapitirizabe kukonda nkhani yakale ija. Chifukwa chake n'chosabisika. Ngati eni dziko sadamange kanthu, ndiye kuti wobwera sakulanda za munthu.

Chikombole chomwe ndimaona kuti ophunzira sachilabadira mokwanira ndi cha munthu wakuda wophunzira. Iyeyu ndiye ankasowetsa tulo atsamunda, ndipo mabuku amamuchita ziwiri: kumusandutsa choopsa kapena choseketsa. Choopsa chili mu Prester John la John Buchan, la 1910, patangopita zaka zinayi chichitikire kuukira kwa Bambatha ku Natal pa nkhani ya msonkho. John Laputa ndi mbusa wophunzira kwambiri, wolalikira mpaka ku Scotland, koma usiku amamuona kugombe akuzungulira moto atavula za ubusa. Uthenga wake ndi wakuti kolala ya ubusa ndi chophimba chabe, mkatimo simudasinthe. Laputa amafa, ndipo chuma chomwe chapezeka chimathandiza kumanga sukulu yophunzitsa anthu akuda ulimi ndi ntchito zamanja, osati yotulutsa aphunzitsi ndi abusa. Mu 1915 John Chilembwe ataukira ku Nyasaland, azungu ambiri adaloza chala pa maphunziro a mishoni. Mantha ake ndi omwewo.

Choseketsa chili mu Mister Johnson la Joyce Cary, la 1939. Cary adagwirapo ntchito ya boma kumpoto kwa Nigeria. Johnson ndi kalaliki wokondwa nthawi zonse, woimba nyimbo, wokonda ngongole, wodzitcha Mngerezi. Ndiye amene amaonetsa bwana wake Rudbeck njira yozembetsera ndalama za boma kuti msewu umangidwe, koma zikaululika wochotsedwa ntchito ndi Johnson. Pambuyo pake amapha mzungu wa sitolo, Rudbeck yemweyo amamuweruza, ndipo Johnson amapempha kuti bwana wake amuwombere yekha m'malo momunyonga. Cary amamukonda Johnson, ndipo chikondi chimenecho ndiye vuto lake, chifukwa ndi chikondi cha munthu wamkulu kwa mwana. Chinua Achebe, wolemba mabuku wa ku Nigeria, adaliwerenga ali ku koleji ya Ibadan ndipo adanena kangapo kuti kukhumudwa nalo ndi chimodzi mwa zomwe zidamukankha kuti ayambe kulemba.

Za Tarzan of the Apes, la 1912, sizifuna nthawi yambiri. Edgar Rice Burroughs sadapondeko mu Africa. Mwana wa mfulu ya ku England woleredwa ndi anyani amadziphunzitsa yekha kuwerenga, n'kuposa anthu onse obadwira m'nkhalangomo, ndipo pa chikwangwani cha nyumba yake amadzitama kuti ndi wopha zilombo ndi anthu akuda ambiri. Mfundo yake ndi yakuti nzeru zili m'magazi. Ndime imodzi ikukwanirani.

Tsopano mnzanu uja. Zakuti anali anthu a nthawi yawo zimayankhidwa ndi zaka. Mu 1885, chaka cha buku la Haggard, Anténor Firmin wa ku Haiti adatulutsa ku Paris buku lonena kuti mitundu yonse ya anthu ndi yofanana. Mu 1887 Edward Wilmot Blyden adatulutsa buku loteteza nzeru ndi mbiri ya anthu akuda. Mu 1890, Conrad ali ku Congo, George Washington Williams adalembera Leopold kalata yapoyera yoneneza nkhanza za kumeneko. Mu 1897 Olive Schreiner, mzungu wa ku South Africa, adalemba Trooper Peter Halket of Mashonaland podzudzula kampani ya Cecil Rhodes, ndipo kumayambiriro kwake adaikako chithunzi cha anthu akuda atapachikidwa mumtengo. Onsewa analinso anthu a nthawi yomweyo. Nthawiyo inali ndi maganizo angapo, ndipo wolemba aliyense adasankha mbali yake. Kudziwa nthawi kumakuthandizani kufotokoza komwe chithunzi chidachokera, koma sikufufuta chithunzicho.

Zakuti Conrad ankadzudzula atsamunda ndi zoona, ndipo musazikane. Marlow amanena poyera kuti kugonjetsa dziko kumatanthauza kulilanda kwa anthu a khungu lina kapena a mphuno yophwatalalako, ndipo si chinthu chokongola ukachiyang'anitsitsa. Amationetsa amuna omangidwa unyolo m'khosi ndi antchito ofera pamthunzi atatheratu mphamvu. Koma kudana ndi nkhanza ndi chinthu china, kuona wozunzidwayo ngati munthu wofanana nawe ndi chinanso. Munthu atha kumvera chisoni wina amene sakumuyesa mnzake. Apa ndi pomwe Achebe adalasa m'nkhani yomwe adakamba ku University of Massachusetts mu 1975, ponena kuti Africa m'bukumo ndi bwalo chabe lomwe mzungu mmodzi akupengerapo misala. Omuteteza Conrad, monga Cedric Watts mu 1983, amakumbutsa kuti nkhaniyi akuisimba Marlow, ndipo mawu a Marlow akutifikira kudzera mwa munthu winanso wopanda dzina, kotero si Conrad amene akulankhula. Njira yoyesera mfundoyi ilipo. Fufuzani ngati pali malo pomwe bukulo likutsutsa wofotokoza nkhaniyo: chochitika chomuchititsa manyazi, mtengambali womuyankha, kapena chinthu chomwe ife owerenga tikuchiona iye osachiona. Pa nkhani ya umbombo wa azungu malo otere ndi ambiri. Pa nkhani ya umunthu wa Akongo ndi ochepa zedi, ndipo lodziwika ndi pomwe Marlow akudabwa ndi kudziletsa kwa antchito a m'sitima aja ngakhale ali ndi njala. Edward Said mu 1993 adaima pakati: Conrad adaona kuipa kwa utsamunda, koma sadathe kuganiza kuti anthu akudawo angadzilamulire okha. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe chimangirizo cholimba chimaima, chifukwa chimanyamula umboni wa mbali zonse.

Pali mbuna zina zoti muzilambalale. Yoyamba ndi buku lomwe mwagwira. Mabuku ofupikitsidwa a ana asukulu amachotsa mawu onyoza koma mafupa a nkhani amawasiya, choncho mukamakopera mawu gwiritsani ntchito buku lathunthu ndipo mutchule chaka chomwe lidasindikizidwa. Olemba enanso ankakonza okha: mu Tintin au Congo, nkhani yazithunzi ya Hergé ya 1930 mpaka 1931, Tintin amaphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium, koma m'buku la 1946 phunzirolo lidasanduka la masamu, nkhope zonyoza zija zili chikhalire. Mbuna ina ndi kuyesa kuti chilichonse choipa chonenedwa za Africa ndi tsankho. Mu Things Fall Apart la Achebe, la 1958, mapasa amatayidwa kunkhalango ndipo Okonkwo amatema Ikemefuna, mwana womutcha bambo. Achebe sadabise. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mudzi wa Umuofia muli anthu okayika ngati Obierika, muli Nwoye wosweka mtima, muli milandu, miyambi ndi kutsutsana. Choipa chikachitika m'mudzi wa anthu oganiza chimakhala mbiri ya anthu. Chikachitika m'khamu lopanda nkhope chimasanduka chibadwa cha mtundu. Choncho musamafunse ngati chinthucho chidachitikadi kokha, muzifunsanso ngati pali wina wa komweko amene akuchiganizira.

Polemba, ngati akupatsani mawu 1,500, musapitirire mabuku atatu, ndipo pa buku lililonse tengani ndime imodzi kapena ziwiri muzifukule mpaka pansi. Ndime iliyonse ya chimangirizo iyambe ndi zomwe mwawerenga pa pepala lija, kenaka mawu enieni a m'buku ndi tsamba lake, kenaka ntchito yomwe chithunzicho chinkagwira kunja kwa buku, monga kulungamitsa kulanda malo, msonkho, ntchito yokakamiza kapena kumana anthu maphunziro apamwamba. Chigamulo chanu pa wolemba chibwere pomaliza, ngati chikufunika n'komwe. M'kalasi, auzeni ana pasadakhale kuti m'ndimemo muli mawu onyoza, ndipo musakakamize mwana kuwawerenga mokweza.

Chimangirizo chimalimba kwambiri mukaika buku la atsamunda pafupi ndi la wolemba wa mu Africa. Mutu womaliza wa Things Fall Apart ndi woyenera kuuwerenga pambali pa Conrad kapena Cary, chifukwa DC ataona mtembo wa Okonkwo amaganiza kuti munthuyu angakwane m'mutu umodzi wa buku lake, kenaka n'kutsitsa kuti mwina ndime imodzi. Pamenepo mukuona buku la atsamunda likubadwa. A nthawi yomweyo aliponso: Chaka la Thomas Mofolo m'Chisotho, la 1925, Mhudi la Sol Plaatje, la 1930, ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara m'Chinyanja, la 1933, lomwe T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 n'kulitcha Man of Africa. Koma nawonso muwaike pa pepala lomwe lija la magawo 6, musawamvere chisoni. Mabuku atatuwa adakula pafupi ndi mishoni: Chaka adalisindikiza ku Morija, Mhudi ku Lovedale, ndipo Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mu Nthondo anthu ali ndi mayina, abale, milandu ndi mawu awoawo, zomwe Haggard ndi Conrad sadapereke, koma moyo wa Nthondo ukulowera ku kutembenuka mtima. M'gawo la mathero mulembemo zimenezo, ndipo mufunse kuti ndani anali ndi makina osindikizira.